Wakuba Asadye Phindu la Kuba Kwake: Malamulo Olanda Katundu Wokhudzana ndi Milandu

Kumudzi, munthu akagwidwa kuti waba mbuzi, funso loyamba pabwalo la amfumu limakhala lakuti: mbuziyo ili kuti? Ngati ikadali moyo, ibwerere m'khola la mwini wake. Ngati idaphedwa kale n'kuthera pa kanyenya, wakubayo afune ina ya msinkhu womwewo. Ngati idaswa ili m'manja mwake, anawo ndi a mwini mbuzi. Za chindapusa zimakambidwa pambuyo, mbuzi itabwerera. Palibe mfumu yomwe ingamve kupepesa kwa wakuba kenaka n'kumulola apite kwawo akukoka mbuzi yomwe adaba.

Koma pa milandu ikuluikulu yokhudza chuma cha boma takhala tikuona zomwe mfumu ya kumudzi singalole. Munthu amapezeka wolakwa, amakakhala ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba zaka zingapo, ndipo tsiku lotuluka amakapeza nyumba zake zili chiimire, ochita lendi akulipira mwezi ndi mwezi, malole ake ali pamsewu. Ndende yotere imasanduka mtengo womwe munthu amalipira pogula chuma, ndipo ena akawerengetsa amaona kuti ndi mtengo wotsika. N'chifukwa chake maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, adakhazikitsa malamulo olola boma kulanda katundu wokhudzana ndi milandu.

Malamulowa ndi ofunika, ndipo ndimalakalaka atamagwira ntchito mwamphamvu kuposa momwe akuchitira lero. Komabe mphamvu yolanda katundu wa nzika ili ngati moto: umaphika nsima, umathanso kutentha nyumba. Dziko lino lidapsapo kale ndi moto umenewu. Choncho tiyenera kuwamvetsa bwino malamulowa: amalanda chiyani, amalanda motani, malire ake ali pati, ndipo cholandidwacho chimathera kuti.

Zomwe Cashgate idatiphunzitsa

Pa 13 Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, yemwe adali mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, adaomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. M'masabata amenewo, apolisi ankapeza mitolo ya ndalama m'nyumba ndi m'mabuti a galimoto za ogwira ntchito m'boma, ena mwa iwo a malipiro ochepa kwambiri. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itaunika mabuku a boma idapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho, ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka ku Capital Hill, zambiri kupita ku makampani omwe sadagulitse kanthu kalikonse ku boma, pa nkhani yomwe idatchedwa Cashgate. Maiko omwe amatithandiza, omwe nthawi imeneyo ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu, adaimitsa thandizo lawo. Ululu wake udamveka m'zipatala ndi m'masukulu, kwa anthu omwe sadaoneko ngakhale tambala ya ndalamazo.

Milandu idazengedwa. Treza Senzani, yemwe adali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu mu 2014 pa mlandu wa K63 miliyoni. Oswald Lutepo adalandira zaka 11 mu 2015 pa mlandu wa K4.2 biliyoni. Ena adatsatira. Koma ndalama zomwe zidabwerera kuthumba la boma zidali zochepa poyerekeza ndi zomwe zidatuluka. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali lamulo lenilenilo. Lamulo la mu 2006 lolimbana ndi kubisa gwero la ndalama zaupandu linkadalira kwambiri kuti munthu ayambe wapezeka wolakwa, kenaka boma lifunse za katundu wake. Mlandu ukamatha zaka m'khothi, galimoto zimakhala zitagulitsidwa, nyumba zitalembedwa m'dzina la mlamu, ndalama zitawoloka malire. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la Financial Crimes Act. Lamuloli lidakhazikitsa bungwe la Financial Intelligence Authority, FIA mwachidule, lomwe limalondoloza kayendedwe kokayikitsa ka ndalama m'mabanki ndi kwina, ndipo lidatsegula njira yolanda katundu popanda kudikira chigamulo cha mlandu waupandu. Mu 2022 bwalo lalikulu la milandu lidapatsidwanso nthambi yapadera yozenga milandu ya zachuma.

Katundu yemwe amalandidwa

Malamulo amasiyanitsa mitundu ingapo ya katundu, ndipo kusiyana kwake n'kofunika chifukwa chifukwa cholanda mtundu uliwonse ndi chake.

Mtundu woyamba ndi phindu la mlandu. Izi ndi ndalama zakuba kapena za ziphuphu, pamodzi ndi chilichonse chomwe zasanduka: puloti, nyumba, minibasi, ng'ombe, masheya a kampani. Lendi ya nyumba yomangidwa ndi ndalama zakuba ili ngati ana a mbuzi ija. Apa nkhani ndi yosavuta, pakuti munthu akulandidwa chinthu chomwe sichidakhalepo chake.

Mtundu wachiwiri ndi zida zopalamulira mlandu: lole yomwe yanyamula matumba a makala popanda chilolezo, galimoto yomwe yazembetsa chamba, bwato ndi maukonde ophera nsomba nthawi yomwe nyanja ndi yotseka, nyumba yomwe yasanduka mosungira katundu wakuba. Katunduyu akhoza kukhala kuti adagulidwa ndi thukuta loona. Amalandidwa pofuna kuti asagwirenso ntchito yoipa ndiponso kuti ena atengerepo phunziro. Popeza apa munthu akutaya chake chenicheni, mpamene pamafunika kusamala kwambiri.

Mtundu wachitatu ndi katundu woletsedwa mwa iye yekha, monga minyanga ya njovu, nyanga za chipembere, mamba a ngaka, mfuti zopanda chiphaso ndi ndalama zachinyengo. Izi palibe yemwe angazitche zake pamaso pa khothi.

Palinso nthawi yomwe phindu lenileni la mlandu latha kapena labisidwa kosapezeka. Apa khothi likhoza kuwerengetsa kuchuluka kwa zomwe wolakwayo adapindula n'kulamula kuti alipire ndalama zofanana, ngakhale zitachokera pa katundu wake wina yemwe adamupeza moyenera. Ndi nzeru yomwe ija ya amfumu: mbuzi idadyedwa, peza ina.

Njira zitatu zolanda katundu

Njira yakale ndi yodziwika ndi kulanda munthu atapezeka wolakwa. Boma limayamba latsimikizira khothi, ndi umboni wosasiya chikayiko, kuti munthuyo adapalamula, ndipo kulanda kumabwera ngati gawo la chigamulo. Malamulo athu ambiri ali ndi njirayi: lolimbana ndi ziphuphu la mu 1995, la nkhalango, la nyama zakuthengo, la mankhwala ozunguza bongo. Ubwino wake ndi wakuti imateteza kwambiri woganiziridwa. Kufooka kwake n'kwakuti imagwa mlandu ukagwa. Woganiziridwa akamwalira, akathawa, mboni zikaopsezedwa kapena mafayilo akasowa, katundu amatsala m'manja momwe adali. Milandu ina imangokalamba. Mlandu wa K1.7 biliyoni womwe mtsogoleri wakale Bakili Muluzi ankayankha udayamba mu 2006 ndipo boma lidausiya mu 2023 usadafike pa chigamulo. Kaya munthu akhulupirira kuti mkuluyu adalakwa kapena ayi, zaka 17 zopanda yankho sizidachitire chilungamo iye, sizidachitirenso chilungamo dziko.

Njira yachiwiri ndi yomwe lamulo la mu 2017 lidabweretsa. Apa woimbidwa mlandu ndi katunduyo. Boma limafunsa khothi funso limodzi: kodi nyumba iyi kapena ndalama izi zidachokera mu upandu, kapena zidagwira ntchito yaupandu? Ku America njirayi ndi yakale kwambiri, moti milandu ina imalembedwa kuti boma likutsutsana ndi mulu wa ndalama kapena ndi galimoto. Popeza palibe yemwe akupita kundende, umboni wofunika ndi wopepukirapo. Khothi limayesa mbali ziwirizo ngati pasikelo n'kuona yomwe yalemera.

Njirayi imayenda m'magawo awiri. Poyamba boma limapita kukhothi mwini katundu asakudziwa, kukapempha chiletso choti katunduyo asagulitsidwe, asasamutsidwe, asasinthidwe dzina. Kubisaku kuli ndi chifukwa chomveka, pakuti mwiniyo atamva, akaunti ya kubanki ingaume tsiku lomwelo. Chiletsocho chikaperekedwa, chimalengezedwa kuti aliyense yemwe ali ndi gawo pa katunduyo abwere poyera. Chimakhala ndi malire a nthawi. Ku South Africa, komwe njirayi yagwira ntchito kuyambira m'lamulo lawo la mu 1998, boma limakhala ndi masiku 90 oti likapemphe chigamulo chomaliza, apo ayi chiletso chimafa. M'gawo lachiwiri mbali zonse zimamvedwa, ndipo woweruza ndiye amagamula ngati katunduyo apite ku boma kapena abwerere kwa mwini wake.

Njira yachitatu imayang'ana chuma chosadziwika komwe chachokera. Gawo 32 la lamulo lathu lolimbana ndi ziphuphu limapereka mphamvu ku bungwe la Anti-Corruption Bureau, ACB, yofufuza wogwira ntchito m'boma yemwe moyo wake kapena katundu wake wapyola kwambiri zomwe malipiro ake angakwanitse. Akalephera kufotokoza momveka komwe adazipeza, umenewo ndi mlandu. Ku Britain adayambitsa njira yofananako mu 2018, ndipo woyamba kugwidwa nayo adali Zamira Hajiyeva, mkazi wa mkulu wakale wa banki ya boma ku Azerbaijan, yemwe adamwaza mapaundi 16 miliyoni m'sitolo imodzi ya Harrods ku London pa zaka pafupifupi khumi. Ena amati njirayi imatembenuza mfundo yakuti munthu ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Dandaulolo ndi lomveka. Koma boma limayenera kuyamba laonetsa kusiyana kwakukulu pakati pa malipiro ndi chuma, ndipo yemwe adamanga nyumba ndi ngongole ya kubanki, ndi ulimi wa fodya kapena ndi chuma cha masiye amakhala ndi chosonyeza. Komwe ndalama zako zidachokera umadziwa ndiwe mwini wake kuposa wina aliyense.

Malamulo obadwa m'magazi

Malamulo amenewa m'maiko ena adabwera anthu atafa. Ku Italy, phungu wina wa ku Sicily dzina lake Pio La Torre adazindikira kuti akuluakulu a gulu la zigawenga la Mafia saopa ndende, chifukwa amapitiriza kulamula ali m'kati, koma amanjenjemera ukakhudza minda ndi makampani awo. Adalemba bilu yolola makhothi kulanda chuma chawo, ndipo pa 30 Epulo 1982 adamuombera mumzinda wa Palermo. Miyezi inayi itapita adaphanso mkulu wa asilikali Carlo Alberto dalla Chiesa, yemwe boma lidamutuma kukalimbana nawo. Patangotha masiku khumi, bilu ija idakhala lamulo. Ku Ireland, mtolankhani Veronica Guerin, yemwe ankalemba za ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi chuma chawo, adaphedwa mu Juni 1996, ndipo chaka chisadathe dzikolo lidakhazikitsa bungwe la Criminal Assets Bureau lolanda chuma chaupandu. Zigawenga zidapha anthuwa chifukwa adakhudza pomwe pamawawa.

Mu 2003 maiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana pangano lolimbana ndi katangale, ndipo mutu wathunthu wa panganolo ndi wa kubweza chuma chakuba kwa eni ake. Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe adalowa m'panganoli. Zambia idakhazikitsa lamulo lake lolanda phindu la upandu mu 2010, ndipo Mozambique idatero mu 2020, itapsa ndi nkhani ya ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni.

Chilonda cha 1966

Mmalawi wachikulire akamva mawu akuti kulanda katundu, pali chomwe amakumbukira. Mu 1966, patangopita zaka ziwiri kuchokera pa mkangano wa nduna wa mu 1964, boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Forfeiture Act. Lamuloli linkalola boma kulanda katundu wa munthu aliyense yemwe lamuganizira kuti akuika pachiswe chitetezo kapena chuma cha dziko. Sipankafunika mlandu, sipankafunika mboni, ndipo wolandidwa adalibe khothi lokadandaulako. Andale omwe adathawira kunja, amalonda omwe adagwa m'maso mwa akuluakulu ndi ena ambiri adataya nyumba, masitolo ndi minda, ndipo ana awo adakulira m'umphawi womwe udalembedwa ndi cholembera cha munthu mmodzi. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, nawonso adataya zawo zambiri m'zaka zimenezo.

Lamulolo lidachotsedwa pomwe dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, Amalawi atavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 adayankha chilondacho mwachindunji. Gawo 28 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo palibe yemwe angalandidwe katundu wake mwachisawawa. Malamulo omwewo adakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal kuti lipepese ozunzidwa, kuphatikizapo olandidwa katundu.

Kusiyana kwa lamulo la mu 1966 ndi la mu 2017 kwagona pa mawu amodzi: khothi. Lero wapolisi, ACB kapena FIA akhoza kufufuza ndi kuletsa kwa kanthawi kuti katundu asasunthe, koma wolanda kotheratu ndi woweruza, atamva mbali zonse, ndipo wosakhutira akhoza kuchita apilo. Chitetezo chimenechi chiyenera kulonderedwa usana ndi usiku. Tikaona kuti ziletso zikugwera okhawo omwe chipani chawo chaluza chisankho, pomwe a chipani cholamula akumanga nyumba zosanja mopanda wofunsa, tidziwe kuti mzimu wa 1966 wabwerera utavala mwinjiro wa khothi. Yemwe akuombera m'manja lero chifukwa wolandidwa ndi mdani wake akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malire oyenera kulemekezedwa

Malire oyamba ndi mwini katundu wosalakwa. Taganizirani mayi yemwe adagula lole ndi ndalama za penshoni n'kulemba dalaivala kuti azinyamula chimanga, ndipo dalaivalayo pobwerera wanyamula makala usiku mwini wake asakudziwa. Ganiziraninso munthu yemwe wagula puloti pa mtengo woyenera, mapepala onse ali bwino, osadziwa kuti wogulitsayo adaipeza ndi ndalama za ziphuphu. Lamulo labwino limapatsa anthu otere mpata wosonyeza kuti sadadziwe ndipo padalibe chowachititsa kukayikira. Ku America, mu 1996, khothi lalikulu lidalola boma la Michigan kulanda galimoto yomwe mayi wina adagula limodzi ndi mwamuna wake, chifukwa mwamunayo adagwidwa akuchitiramo zadama ndi mkazi woyendayenda. Mayiyo adalakwiridwa kawiri, ndi mwamuna wake komanso ndi boma. Mu 2000 aphungu a dzikolo adakonza lamulo la boma lalikulu kuti liziteteza eni katundu osalakwa. Chitetezochi chilinso ndi malire ake. Yemwe walandira nyumba yaulere kuchokera kwa mbale wake wa malipiro ochepa, osafunsa kanthu, sangabwere kukhothi n'kunena kuti adalibe chomukayikitsa.

Malire achiwiri ndi akuti cholandidwa chilingane ndi kukula kwa mlandu. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa lidaunika nkhaniyi pa milandu iwiri. Pa mlandu wa Prophet mu 2006, lidavomereza kulandidwa kwa nyumba ya ku Cape Town yomwe idasanduka fakitale ya mankhwala ozunguza bongo otchedwa tik, ngakhale mwini wake sadapezeke wolakwa pa mlandu waupandu. Pa mlandu wa Mohunram mu 2007, lidakana kulanda nyumba ya bizinesi ya munthu yemwe adaika makina a juga opanda chiphaso m'gawo lina la nyumbayo, chifukwa adali atalipira kale chindapusa ndi kulandidwa makinawo, ndipo kumulandanso nyumba kukadapyola muyeso. Ku America nako, munthu wina wa ku Indiana yemwe adagulitsa mankhwala a madola mazana ochepa adalandidwa Land Rover ya madola 42,000, pomwe chindapusa chachikulu pa mlandu wake chidali madola 10,000. Nkhaniyo idafika kukhothi lalikulu mu 2019, ndipo pamapeto pake galimotoyo idabwerera kwa mwini wake.

Malire achitatu ndi akuti wolanda asakhale wodya. Kuyambira mu 1984, malamulo a ku America adalola apolisi kusunga gawo lalikulu la zomwe alanda, ndipo madandaulo akhala ochuluka akuti ena amasaka ndalama za apaulendo m'misewu m'malo mosaka zigawenga, podziwa kuti wosauka sangakwanitse loya woti akamenyere ndalama zake. Phunziro lake kwa ife ndi lomveka: mbuzi imadya pomwe aimangirira. Chilichonse cholandidwa chilembedwe, mwini wake apatsidwe lisiti, ndipo chipite kuthumba lomwe wolandayo alibe kiyi yake.

Wa njinga ya makala ndi wa nyumba zosanja

Kulanda katundu kumachitika tsiku ndi tsiku m'dziko muno, koma yang'anani omwe kumawagwera. Bambo wokankha njinga ya matumba atatu a makala kuchokera kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama akagwidwa, makala ndi njinga zimapita pomwepo. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amaona dengu lake likukwezedwa m'galimoto ya khonsolo. Msodzi wa ku Mangochi amataya ukonde wake. Ambiri mwa anthuwa sadziwa kuti ali ndi ufulu wofunsa lisiti kapena wokaonekera pamaso pa majisitireti.

Nkhalango zathu zikutha, ndipo lamulo la nkhalango lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020 n'lofunika. Makhothi akamalanda malole a anthu olemera omwe amadyera malonda a makala, amachita bwino. Koma zimapweteka kuona kuti wa njinga amalandidwa m'mphindi zisanu, pomwe wa nyumba zosanja amatenga chiletso pamwamba pa chiletso mpaka mboni zitamwalira. Njinga ija ndi chuma chonse cha banja lake, ndipo ikapita, ana amagona ndi njala usiku womwewo. Lamulo lomwe limathamanga kwa osauka n'kumakwawa kwa olemera limaphunzitsa achinyamata phunziro loopsa, lakuti ukafuna kuba uzibe zambiri.

Cholandidwa chimathera kuti?

Kupambana m'khothi ndi theka chabe la ntchito. Aliyense yemwe wadutsapo papolisi m'dziko muno adaonapo galimoto zogwidwa zitaphwa matayala, zikuchita dzimbiri, udzu utamera pansi pake. Galimoto yomwe yaima zaka zisanu padzuwa ndi pamvula ilibenso phindu kwa wina aliyense. Boma likapambana limalandira chiphakasa, ndipo mwini wake akapezeka wosalakwa amalandiranso chiphakasa chomwecho. Ndalama nazo zimaola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu yemwe adaba K100 miliyoni mu 2013 n'kumanga nyumba, akabweza K100 miliyoni lero, ndiye kuti wabweza kachigawo kakang'ono n'kutsala ndi nyumbayo. N'chifukwa chake khothi liyenera kutsata chomwe ndalamazo zidasanduka.

Pamafunika anthu odziwa kusamala katundu wogwidwa: kutolera lendi, kulipira inshuwalansi, kudyetsa ziweto, ndi kugulitsa msanga zinthu zosachedwa kuonongeka n'kusunga ndalamazo mpaka mlandu utatha. Pogulitsa, okishoni ikhale yapoyera, kuti nyumba yolandidwa kwa wakuba mmodzi isagulidwe motchipa ndi mnzake kapena ndi bwana wa ofesi yomwe idailanda.

Lamulo la mu 2017 lidakhazikitsa thumba lapadera losungiramo zolandidwa. Chomwe nzika iyenera kufunsa n'chakuti muli zingati, zidachokera pa milandu iti, ndipo zagwira ntchito yanji. Anzathu ena asonyeza njira. Ku Zambia, ndalama zokwana K65 miliyoni za dzikolo zomwe zidapezeka m'nyumba ina ku Lusaka mu 2021 zidaperekedwa ku unduna wa zamaphunziro kuti zithandize ophunzira oposa 2,000 a m'mayunivesite. Ku Nigeria, madola 321 miliyoni omwe Switzerland idavomera mu 2017 kubweza kuchokera pa chuma chomwe mtsogoleri wakale wa Nigeria Sani Abacha adaba adagawidwa ku mabanja osauka, banki ya World Bank ikuyang'anira. Abacha adamwalira mu 1998, ndipo izi zikusonyeza kutalika kwa ulendo wolondola chuma chomwe chawoloka nyanja, komanso kuti mlandu suola. Ku Italy, bungwe la Libera lidasonkhanitsa masiginecha oposa miliyoni imodzi, ndipo mu 1996 padabwera lamulo loti katundu wolandidwa kwa Mafia azitumikira anthu. Lero minda ya ku Corleone yomwe idali ya akuluakulu a zigawenga imalimidwa ndi makopaletivi a achinyamata omwe amakolola tirigu ndi mphesa.

Nzeru imeneyi ingagwire ntchito kuno. Nyumba yolandidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre itasanduka hositelo ya atsikana a sekondale kapena chipatala chaching'ono, chikwangwani chili pakhomo chonena komwe idachokera, ingaphunzitse anthu odutsa kuposa misonkhano zana yodzudzula katangale.

Chomwe chatsala kwa ife

Malamulo tili nawo. Tili ndi lamulo la mu 2017, nthambi ya khothi ya milandu ya zachuma, gawo 32, ndiponso lamulo la mu 2013 lokakamiza akuluakulu a boma kulembetsa chuma chawo. Chomwe chikufunika ndi ofufuza odziwa kulondola ndalama, makaundula a malo ndi a makampani osonyeza mwini weniweni, oweruza okwanira, ndi mabungwe omwe sayang'ana mtundu wa nsalu ya chipani asadatsegule fayilo. Aphungu afunse chaka ndi chaka lipoti la zonse zomwe zalandidwa ndi komwe zapita. Atolankhani atsate mlandu mpaka tsiku la okishoni, asalekere pa tsiku lomangidwa. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo aliyense wa ife akhoza kuligwiritsa ntchito pofunsa mafunso amenewa.

Inunso owerenga muli ndi gawo lanu. Musalole kuti dzina lanu lilembedwe pa puloti, galimoto kapena akaunti ya wina yemwe akubisa chuma, ngakhale atakhala malume anu, chifukwa tsiku la mlandu katunduyo adzapita ndipo inu mudzayankha nawo. Mukamagula malo kapena galimoto, funsani mbiri yake ndipo sungani mapepala anu. Wa boma akakulandani kanthu, funsani dzina lake, lamulo lomwe akutsata ndi lisiti. Wakuba abweze mbuzi pamodzi ndi ana ake, wosalakwa asatayepo ngakhale nkhuku, ndipo wogamula zonsezi akhale khothi lomva mbali zonse.